Kuthandiza ana amene anakula kale popanda kuwononga za ukalamba wako

Chiyambire pamene lamulo latsopano la penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2023, ndalama za munthu amene akuyandikira kupuma pantchito zasiya kukhala nkhani ya mwiniwake yekha. Ana anamva pawailesi kuti kholo likhoza kutapa gawo la ndalama zake lisanapume n'komwe, ndipo m'makomo ambiri a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje, funso limene kale linkafunsidwa monong'ona tsopano likufunsidwa poyera: kodi kholo lithandize mwana wamkulu mpaka pati, nanga lidzisungire zochuluka bwanji? Ena amati kholo lokaniza mwana wake ndalama ili m'manja ndi louma mtima. Ena amati mwana wa ndevu kapena wa ana ake kale wodalirabe makolo alibe manyazi. Mbali zonse ziwiri zimalankhula ngati kuti thandizo lonse ndi limodzi, pamene kutumizira mwana ndalama ya lendi, kumugulitsira ng'ombe ndi kumusainira ngongole ndi zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo chilichonse chimasiya kholo pamalo akeake.

Pangano limene silinalembedwe

Makolo athu analibe thumba la penshoni, koma ukalamba sunkawapeza osakonzeka. Kukonzeka kwawo kunali ana, munda ndi ziweto, ndipo mwambi wakuti kupatsa n'kuika unkagwira ntchito ngakhale pakati pa kholo ndi mwana wobala lokha. Kuno ku chigwa cha Shire panganoli linali ndi njira ziwiri. Kwa Amang'anja, kumene mwamuna ankapita chikamwini, nkhalamba inkadalira ana aakazi okhala pamudzi pomwepo pamodzi ndi akamwini olima nawo. Kwa Asena, kumene amalowola ndipo mkazi amatsatira mwamuna, inkadalira ana aamuna ndi atengwa awo. Mitunduyi inakwatirana kalekale ndipo miyambo inasakanikirana, koma chinthu chimodzi chinali chofanana konse: chuma ndi mphamvu zinkachokera kwa achinyamata kupita kwa okalamba. Ngakhale anyamata amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA, kapena kukagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Beira, ankabwera ndi ndalama zogulira ng'ombe ndi malata, ndipo makolo ankadya nawo.

Zinthu zingapo zinatembenuza kayendedwe kameneka. TEBA inasiya kulemba Amalawi ntchito mu 1988. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inatenga anthu a msinkhu umene unkayenera kusamala makolo, ndipo agogo anayambiranso kulera, mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994 inachulukitsa ophunzira, koma ntchito zolembedwa sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu okwana 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18, zimene zikutanthauza kuti chaka chilichonse khamu lalikulu limafika pa msinkhu wofuna ntchito, malo olima ndi mpamba. Mnyamata wa zaka 28 wokhala ndi satifiketi ya MSCE kapena digiri amene akudyabe pakhomo pa makolo si waulesi nthawi zonse. Kawirikawiri amakhala kuti wafunsira ntchito mpaka nsapato kutha, ndipo imene waipeza ndi ya nyengo yodula nzimbe yokha.

Lamulo la dziko silikakamiza kholo pa nkhani imeneyi monga mmene limachitira pa mwana wamng'ono. Malamulo oyendetsera dziko atasinthidwa mu 2017, mwana ndi munthu wosakwana zaka 18, ndipo udindo umene khoti limaumiriza kwenikweni ndi wa ameneyo. Zotsalazo zimayendetsedwa ndi chikondi, mwambo ndi mantha a zimene anthu adzanene, ndipo zitatu zimenezi n'zamphamvu kuposa samani.

Penshoni ndi chiyani, ndipo inawerengedwera anthu angati

Penshoni ndi malipiro a munthu amene amasungidwa lero kuti adzawalandire pamene sadzathanso kugwira ntchito. Lamulo la penshoni la 2011 ndi limene linakakamiza olemba anthu ntchito kuti aziika antchito awo m'thumba lotere, wantchito kusonkha zosachepera 5 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana wake zosachepera 10 peresenti. Munthu wolandira K400,000 pamwezi amadulidwa K20,000, kampani n'kuwonjezera K40,000, ndipo K60,000 imalowa m'thumba mwezi uliwonse. Makampani monga NICO ndi Old Mutual amayendetsa ndalamazi kuti zizibala phindu, ndipo woyang'anira zonse ndi mkulu wa Reserve Bank of Malawi. Lamuloli linalamulanso kuti wolemba ntchito agulire wantchito wake inshulansi ya moyo yolingana ndi malipiro a chaka chimodzi.

Ogwira ntchito m'boma akale, monga aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, ali pa dongosolo lina, limene boma limawerengera zaka zimene munthu wagwira ndi malipiro ake omaliza, n'kumupatsa ndalama ya nthawi imodzi kenaka ya mwezi ndi mwezi. Kuyambira mu 2017 achinyamata ogwira ntchito m'boma anayamba kusonkha ngati anzawo a m'makampani. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dongosolo lakale munthu amalandira zimene boma linalonjeza, pamene pa dongosolo losonkha amalandira zimene zapezeka m'thumba lake basi. Ngati bwana ankadula ndalama koma osatumiza, vuto limene Reserve Bank yakhala ikulidandaula, m'thumbamo mumapezeka zoperewera, ndipo n'chifukwa chake wantchito ayenera kufunsa sitetimenti yake chaka ndi chaka, osadikira tsiku lotsanzikana.

Lamulo la 2023 linasintha zinthu zitatu zimene zakhudza kwambiri mabanja. Wopuma pantchito akhoza kulandira mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, pamene kale inali 40 peresenti. Amene watsala ndi zaka zisanu kuti apume akhoza kupempha kutapa mpaka theka. Amene ntchito yamuthera amadikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi kuti apemphe ndalama zake. Zotsala munthu akapuma zimasanduka ndalama ya mwezi ndi mwezi, kaya kudzera ku kampani ya inshulansi imene imalonjeza kulipira mpaka imfa, kaya pomatapa pang'onopang'ono mpaka zitatha.

Amene anamenyera kusinthaku anali ndi mfundo yomveka: ndalama ndi za wantchito, kwacha ikutha mphamvu, ndipo ndi bwino munthu amange nyumba akadali pantchito kusiyana ndi kukayamba kuumba zidina ali ndi zaka 60. Amene ankakayikira analinso ndi mfundo yawo, yakuti ndalama yotapidwa msanga si yowonjezera, ndi yomwe ija ya ukalamba, ndipo ikatuluka sibalanso phindu m'thumbamo. Chimene sichinakambidwe mokwanira n'chakuti ndalama ili m'thumba la penshoni imatetezedwa ndi kusagwirika kwake. Kholo likhoza kuuza mwana moona mtima kuti lilibe ndalama. Tsiku limene yalowa mu akaunti ya ku banki, yankho limenelo latha, ndipo mudzi wonse umadziwa.

Tiyerekeze munthu amene wapuma ali ndi zaka 60 ndipo m'thumba mwake muli K20 miliyoni. Akatenga theka, amagwira K10 miliyoni m'manja, ndalama imene mwina sanaionepo pamodzi chibadwire. K10 miliyoni yotsalayo ikagawidwa pa zaka 20, imene ndi miyezi 240, imatuluka pafupifupi K42,000 pamwezi tikachotsapo nkhani ya phindu. Masamu a penshoni amapangidwira munthu mmodzi, mwina ndi mkazi kapena mwamuna wake. Sawerengera mwana wamkazi wobwerako ku banja ndi ana atatu, mwana wamwamuna wa ku koleji, ndi mdzukulu wofuna fizi ya sekondale.

Kutha mphamvu kwa ndalama

Pamene mitengo ya zinthu ikukwera, ndalama yomweyo imagula zochepa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 ku banki. Kuyambira pakati pa 2022 mpaka kutha kwa 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kunali pamwamba pa 20 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti chaka chilichonse, K100,000 imagula pakatha zaka zitatu zimene K51,000 inkagula poyamba. Wogulitsa nsomba amakweza mtengo, wakabaza amakweza mtengo, wapantchito amapempha kuti amuwonjezere, koma wopuma pantchito amene ndalama yake ya pamwezi sikwera alibe kolowera. Choncho kholo limene likuona kuti chaka choyamba litapuma likutsala ndi kangachepe kothandizira ana, lidziwe kuti kangachepe kameneko kakhoza kusanduka kuperewera pofika chaka chachinayi, ngakhale litapanda kusintha kalikonse pa kadyedwe kake.

Palinso china chimene chimakwera pamene mphamvu zikutsika, ndicho matenda. Chithandizo cha chipatala chimene kampani inkalipira nthawi zambiri chimatha ntchito ikatha. Zipatala za boma n'zaulere, koma mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi munthu amatha kuuzidwa kuti akagule yekha. Zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zimalipiritsa, ndipo wotumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre amafunika thiransipoti ya anthu awiri kukwera mapiri a pa Thabwa, chakudya ndi pogona pa womudikirira. Zaka zodula kwambiri za ukalamba ndi zomaliza, ndipo ndi zimene munthu wa zaka 60 wolimabe yekha dimba saziona m'maso.

Amene penshoni yawo ili m'khola ndi m'dimba

Anthu ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje sanalembedwepo ntchito yokhala ndi penshoni. Ukalamba wawo uli m'ng'ombe, m'mbuzi, m'dimba la m'mbali mwa Shire, mu puloti ya mpunga ku Nkhate kapena ku Muona, m'gawo la nzimbe ku Kasinthula kapena ku Phata, kapena m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu kuseri kwa msika. Chuma chotere chili ndi ubwino umene ndalama ya ku banki ilibe, chifukwa mtengo wa ng'ombe umakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu, ndipo ng'ombe imaswana. Komabe chili ndi zoopsa zake zimene tonse tinaziona ndi maso. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu 2023 anakokolola ziweto ndi kukwirira minda ndi mchenga, ndipo anthu amene anasunga zaka makumi atatu anadzuka ali m'misasa opanda kanthu. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ziweto, ndipo mwini ng'ombe makumi awiri amalephera kupeza ndalama ya jekeseni. Akuba nawo saona msinkhu wa mwini khola.

Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kusiyana kwa mapira a m'nkhokwe ndi ngala zimene amamanga padenga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. A m'nkhokwe ndi odya ndi opatsa alendo, ndipo akatha munthu amapita kuganyu. Za padenga ndi mbewu, ndipo ngakhale mwana alire njala mu Febuluwale, mayi wanzeru amazengereza kuzitsitsa, chifukwa akudziwa kuti zikalowa mumtondo, chaka chamawa adzalira ndi anthu onse a pakhomopo. Chuma cha ukalamba chilinso ndi magawo awiri amenewa. Lendi ya nyumba, mkaka, phindu la nzimbe, thole lobadwa chaka chino ndi penshoni ya pamwezi ndi zodya. Nyumbayo, ng'ombe yaikazi yobereka, dimba ndi ndalama ya nthawi imodzi ndi mbewu.

N'chifukwa chake oweta odziwa, mwana akabwera ndi vuto, amalowa m'khola m'mamawa ng'ombe zisanatuluke, n'kuyang'ana kaye nkhunzi yokalamba kapena ng'ombe imene yasiya kubereka, ndipo imeneyo ndi imene amaiitanira mabutchala. Yaikazi ya bere amaidutsa ngati sanaione, ngakhale wogula ataikapo mtengo wabwino. Vuto limabwera pamene zofuna zakula kuposa zimene khola lingapirire, monga malowolo, fizi ya ku koleji yolipira, kapena ndalama ya pasipoti ndi basi ya ku Johannesburg, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimagwa m'miyezi ya njala pamene aliyense akugulitsa ndipo mitengo ya ziweto yatsika.

Thandizo lochokera kuti

Funso lothandiza kwambiri si lakuti mwana wapempha zingati, koma lakuti ndalamazo zichokera pati. Thandizo lochokera m'zolowa za pamwezi limapweteka koma limachira. Foni imalira madzulo a pa 28, mawu a ku Ndirande akuti, "Ababa, landilodi wandipatsa masiku atatu," ndipo m'mawa bambo amapalasa njinga kupita kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pansi pa mtengo wa nimu, n'kuwerenga kawiri ndalama imene amati agulire thumba la chimanga, kenaka n'kutchula nambala pang'onopang'ono kuopa kulakwitsa. Mwezi umenewo pakhomo adya mopereweza, koma mwezi wotsatira penshoni ibweranso. Choopsa cha thandizo lotere ndi chakuti likhoza kusanduka malipiro osatha amene palibe anagwirizana, mwana n'kuyamba kuwerengera ndalamayo posankha nyumba yokhala, kholo n'kumachita manyazi kufunsa kuti zidzatha liti.

Thandizo lochokera m'mbewu ndi lina. Kholo likatenga K4 miliyoni pa ndalama ya nthawi imodzi n'kugulira mwana njinga yamoto ya kabaza, kapena kumutsegulira okala, ndalamayo yachoka ndipo msinkhu wopezeranso ina unadutsa. Izi sizikutanthauza kuti ndi kulakwa nthawi zonse. Pali mabanja amene mpamba wotere unadzutsa mwana, iye n'kumasamala makolo mpaka kuwaika m'manda mwaulemu, ndipo kholo limene linakana likanatsala ndi ndalama yotha mphamvu ndi mwana wosowa chochita. Palinso mabanja amene njingayo inabedwa, kapena inachita ngozi ilibe inshulansi, kapena okala inadyedwa ndi ngongole za abale, ndipo onse awiri anagwa pamodzi. Kusiyana kwa kholo ndi banki n'kwakuti banki imafunsa kuti wobwerekayo anachitapo bizinesi yanji, ndipo ikaluza kwa mmodzi imapeza kwa ena chikwi. Kholo limachita manyazi kufunsa, ndipo likaluza laluza zonse. Kuona kwanga n'kwakuti kufunsa mwana mafunso ovuta asanalandire mpamba si kumukayikira. Mwana amene wakonzekadi amakondwa kuonetsa masamu ake, ndipo kuyamba ndi mpamba wochepa, n'kuwonjezera zikaoneka kuti zikuyenda, kumateteza onse awiri.

Mtundu wachitatu ndi umene umamiza anthu ambiri, ndiwo kuthandiza ndi ndalama imene kholo lilibe. Mphunzitsi wotsala ndi zaka zitatu kuti apume amatenga ngongole yodulidwa kumalipiro kuti alipirire ukwati wa mwana, ndipo zaka zimene akanamaliza nyumba amazitha akulandira theka la malipiro. Mayi amabwereka ku banki m'khonde m'dzina lake ndalama yopita kwa mwana wake, pa chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi monga mmene magulu ambiri amachitira, ndipo mwana akalephera, amayi anzake amabwera kudzanyamula mbuzi ndi malata a mayiyo, osati a mwana. Wina amapita kwa wakatapila n'kusiya khadi la ku banki. Wina amasainira mwana ngati mboni yomuimira pa ngongole kapena kupereka nyumba ngati chikole, poganiza kuti ndi mwambo chabe wa pa pepala, osadziwa kuti wosainira amakhala wavomera kubweza ngongole yonse mwini wake akalephera. Pa mitundu iwiri yoyamba kholo limataya zimene lapereka. Pa uwu limatha kutaya ndi zimene silinaganizepo zopereka.

Pali njira zimene ngongole imakhala pa mwana mwiniwake, ndipo ndi bwino kuziyesa kaye. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limapereka ngongole imene wophunzira amadzabweza yekha akamaliza, ngakhale kuti si onse opempha amene amalandira. Maphunziro a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA ndi ngongole za bungwe la boma lobwereketsa mpamba wa bizinesi zilinso m'gulu lomweli. Ndipo thandizo lina silifuna ndalama konse: chipinda chogona, gawo la dimba lolima nyengo imodzi, ngolo yobwereka, kapena kulera mdzukulu masana kuti mayi wake akagulitse ku msika.

Mphatso, ngongole, kapena cholowa chopatsidwa msanga

Mikangano yambiri ya pamaliro imayamba zaka zambiri m'mbuyo, pa tsiku limene ndalama inaperekedwa popanda kutchula kuti ndi chiyani. Bambo amaganiza kuti wabwereketsa, mwana amaganiza kuti wapatsidwa, ndipo abale ake a mwanayo amaganiza kuti walandiriratu gawo lake la chuma chamasiye. Zitatuzi n'zololedwa zonse, koma zimafunika kutchulidwa pamaso pa mboni, kaya atsibweni, ankhoswe kapena nyakwawa, ndipo ngati ndalamayo ndi yaikulu, kulembedwa ngakhale m'kope la sukulu. Izi zimatetezanso mwana wamkazi amene anakhala pamudzi n'kumatunga madzi, kuphika ndi kuchapira makolo zaka khumi popanda kupempha kanthu, pamene mlongo wake wa m'tauni walandira ng'ombe zitatu.

Lamulo la chuma cha anthu omwalira la 2011 limalola munthu wa zaka 18 kapena kuposa kulemba wilo, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ndalama za penshoni zili ndi fomu yakeyake imene wantchito amalembapo odzalandira iye akamwalira, ndipo anthu ambiri anaidzaza tsiku loyamba ntchito n'kuiiwala, ngakhale banja linasintha. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, koma kulembetsa dimba kapena nyumba m'dzina la mwana kholo likadali moyo ndi kupereka kumene sikubwezedwa, chifukwa mwanayo akhoza kuika chikole, kapena kumwalira msanga malowo n'kulowa m'manja mwa ena.

Munthu amene amaiwalika kwambiri pa zokambirana zimenezi ndi mayi wa pakhomo. M'mabanja ambiri penshoni ndi ng'ombe zili m'dzina la bambo, ndipo bambo ndi amene amalonjeza ana, koma kawirikawiri mayi ndi amene amatsala. Kumene analowoledwa amatsala pamudzi wa mwamuna wake, ndipo zimene zinagawidwa ali chete ndi zimene akanadya pa umasiye wake. Posankha mtundu wa penshoni ya pamwezi, ndi bwino kufunsa kampani momveka ngati ndalamayo idzapitirire kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ndiponso ngati imakwera chaka ndi chaka, chifukwa si mitundu yonse imene imatero.

Kumene boma likufika

Dziko la Malawi lilibe penshoni ya nkhalamba iliyonse. Mtukula Pakhomo, amene anayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo anafalikira m'maboma onse, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma wopuma pantchito amene wagawa zonse sangayembekezere kuti boma lidzamutola, ndipo pakhomo pamene pali ana aakulu amphamvu, ngakhale osagwira ntchito, pakhoza kuoneka ngati posayenera thandizo.

Zimene sizinayankhidwe

Lamulo lolola kutapa msanga ndi latsopano, ndipo amene anatapa oyamba ndi amene akupuma m'zaka zino. Padzatenga nthawi kuti zioneke ngati ndalamazo zinasanduka nyumba ndi ng'ombe, kapena zinathera m'mafizi ndi m'maukwati, ndiponso ngati mafizi amenewo adzabwerere kwa makolo monga pangano lakale linkanenera. Funso la kukwera mitengo nalo lili pomwepo: ngati ndalama yosungidwa ikutha mphamvu msanga chonchi, kodi wosunga ndi amene akuchita mwanzeru, kapena amene waika mwa mwana wophunzira? Yankho limadalira ngati mwanayo adzapeze ntchito, ndipo zimenezo sizili m'manja mwa banja.

Kuno kuchigwa palinso mafunso athuathu. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikusintha mtengo wa malo ndi mmene anthu amalimira m'magulu, ndipo sizinadziwike ngati gawo la kholo m'makoparetivu amenewa lidzakhale chotetezera ukalamba kapena chinthu chatsopano chokanganirana ndi ana. Mabanja amene anasamutsidwa kumtunda chifukwa cha madzi anasiya madimba amene anali penshoni yawo, ndipo ana awo alibe choti adzalandire kapena chopempha. Nanga kholo lokhala ndi ana asanu, awiri ochita bwino ndi atatu ovutika, kodi chilungamo ndi kugawa mofanana kapena kupatsa wosowa, ndipo ana ochita bwinowo ali ndi udindo wanji kwa abale awo kuti katundu yense asagwere nkhalamba? Mipingo, mafumu ndi makampani a penshoni amalangiza anthu mosiyanasiyana pa zimenezi, ndipo palibe amene anagwirizana kuti woyenera kuyambitsa kukambiranaku ndi ndani, kholo kapena mwana, ndiponso kuti kuchitike ndalama isanafike kapena italowa kale mu akaunti.